Mabedi Osanjikiza

A Mukhwapa anabwera Lachiwiri, chiperoni chikuwaza,
nakhala pa benchi langa la utuchi ngati mlendo wabwino.
"Amisiri, ndikufuna mabedi asanu ndi limodzi,
osanjikiza, a bulugamu wouma bwino."
Ndinasolola pensulo kukhutu, mtima uli myaa.
Ndinafunsa muyeso wa zipinda.
Iwo anayang'ana patapata wawo kanthawi:
"Muyesowo mukuudziwa kale. Mumagonamo."

Zaka khumi ndi zitatu m'nyumba imeneyi, pa Goliati.
Ndinailowa ilibe chitseko chakuseri,
ndinapala ndekha, osachotsera pa lendi.
Mchombo wa Esinala tinaukwirira kuseri kwa bafa.
Mpeyala uwu ndinaubzala ndine,
chaka chino wabereka mpaka nthambi kuthyoka.

Kale lendi inali nkhani ya pakamwa,
mwezi ukavuta mkoko wa nthochi unkatilankhulira.
Lero a Mukhwapa agula kabuku
ndipo sawerenganso nyumba, amawerenga mitu.
Mitu khumi ndi iwiri, uliwonse ndi mtengo wake,
pomwe ife, banja lonse ndi mphaka yemwe,
timalipira ngati mutu umodzi ndi theka.
Masamu amenewo ngakhale ine wa Sitandade sikisi ndawamva.

Chibwerere yunivesite ku Ndata
khola la nkhumba la a Namphungo lapakidwa laimu,
laboola kazenera, labatizidwa kuti Hositelo.
Munda wa nandolo wadulidwa maploti.
Pa mjigo ndowa zimafola tambala asanalire,
tomato wa pamsika waphunzira Chingerezi.
Malo kuno tinaperewedwa kalekale,
tiyi anatenga zitunda zonse, ife tinatsala m'mphepete
ngati ulusi wa chitenje chakutha.
Tsono m'mphepetemo mwabweranso alendo.

Koma ndiwade bwanji?
Mnyamata wina wa ku Chitipa anabwera ndi mwendo wa tebulo
kuti ndimukhomere pangongole.
Amagona anayi m'chipinda chopanda zenera,
amadya kamodzi, dzuwa likapendeka.
Bambo ake anagulitsa ng'ombe ya pangolo
kuti iye adzawerenge pa kandulo kuno.
Ndinamukhomera. Misomali iwiri si kanthu.

Mayi a Esinala akuti ndikane ntchitoyo:
"Ndi mbuzi iti inanolapo mpeni woiphera?"
Sindinayankhe.
Ndalama ya mabediwo ndiyo chikole cha kanyumba
komwe tapeza kutsidya kwa mtsinje,
kopanda magetsi, ola lathunthu wapansi
kuchokera pa shedi yangayi.

Ndiye ndikupala.
Sabata yachiwiri tsopano ndikupala,
ndipo sindikuba msomali ngakhale umodzi.
Makwerero ndawasalaza ndi sandipepa katatu
kuti mwana wa eni asabayidwe phazi usiku.
Dzanja silidziwa kukwiya,
limangodziwa ntchito yomwe linaphunzira.

Dzulo ndinakayesa bedi loyamba kuchipinda kwathu.
Lalowa ndendende, ngati linabadwira momwemo.
Pa felemu ya chitseko pakadali timizere ta pensulo,
msinkhu wa Esinala chaka ndi chaka,
kamzere komaliza kandipitirira phewa.
Ali Fomu fili. Masamu amawamwa ngati thobwa.
Akuti akufuna kudzaphunzira pomwepa, za makina.

Pansi pa thabwa la bedi lapamwamba,
pomwe wogona pansi adzayang'ane tulo tikamuthawa,
ndalembapo ndi pensulo yomweyi:
Denga limadontha pakona ya kum'mawa, ikani beseni.
Chitseko chakuseri muzichinyamula pang'ono potseka.
Mapeyala musagwedeze, amagwa okha akakhwima.

Dzina sindinalembe.
Mwina zaka ziwiri zikubwerazi
mtsikana wina adzafika ndi chikwama ndi ndowa,
a Mukhwapa adzamulemba m'kabuku ngati mutu,
adzalipira kugona m'chipinda chomwe anabadwira,
nadzagona chagada, nawerenga,
nazindikira kalembedwe kake.